Foni ya Aphunzitsi Sinalire

Alamu anga amakonza mafoni. Kabenchi kawo kali pakhonde la saluni yanga, moti zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona msana kuyambira m'mawa mpaka madzulo ngati ndine ndinakwatiwa nawo, chonsecho mkazi wawo ndi mng'ono wanga. Anthu amawaitana kuti Adokotala. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma eni ake analilandira ndi manja awiri, mpaka anakagula kajasi koyera pakaunjika, kamene ankakavala ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Ndineneretu kuti si munthu woipa, chifukwa zimene ndikufuna kukuuzanizi zikhoza kukudanitsani nawo. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba ndi mawotchi. Anthu atasiya kuvala mawotchi analowa mawailesi, ndipo mawailesi atatchipa moti munthu ankangotaya n'kugula ina, anadziphunzitsa okha mafoni pomasula akufa amene ankatola kwa anzawo. Mowa samwa, mkazi samenya, ndipo foni ikawakanika amanena kuti yawakanika, sasunga katundu wa mwini n'kumati bwerani mawa. Matenda awo ndi amodzi okha: amafuna kuti munthu aliyense achoke pabenchi pawo akumwetulira. Ukabweretsa foni yosweka galasi, amakuikira galasi, kenako amakupukutira kumbuyo, amachotsa fumbi potulukira mawu, amakonza nthawi ngati yasokonekera, zonsezo kwaulere. Eni ake ankati n'kubanyira, ngati mmene mayi wogulitsa tomato amakuponyera kamodzi kapadera mujumbo. Ndipo sankanena. Ati kubanyira kolengeza si kubanyira, n'kudzitama.

"Alamu, mwayi wake si inu adokotala enieni," ndinkawaseka. "Munthu wobwera ndi dzino limodzi bwenzi mukumuzula atatu."

"Nanga inu alamu," ankandibwezera maso ali pantchito, "munthu amabwera kudzalukitsa tsitsi, inu n'kumuuza nkhani za tauni yonse. Zimenezo amakhala atapempha?"

Tinkakhala choncho, ndipo tinkakhala bwino.

Ndiye kunabwera mauthenga ochenjeza za madzi osefukira. Woyamba unatipeza m'saluni muli modzaza, mvula isanayambe n'komwe. Mayi wina anali m'choumitsira tsitsi, wina ndinali nditamuluka theka la mutu. Mwadzidzidzi mafoni onse analira pamodzi, m'zikwama, m'matumba, ngakhale amene eni ake anawatseka mawu. Kaliridwe kake sikanali ka foni ayi, kanali ka galu wopondedwa mchira. Mayi wa theka la mutu uja anaponya foni yake m'beseni lotsukira tsitsi n'kuthawira panja, tsitsi lili nyankhalala. Titawerenga uthengawo, ati tikungoyesa, musade nkhawa. Kungoyesa! Munthu mtima uli phaphapha, wina ali muofesi mwake akuyesa.

Sabata imeneyo panalibe nkhani ina pasiteji ya minibasi imene ili kutsogolo kwa saluni. Ena ankati uthengawo umadya mayunitsi. Ena ankati umapha batire. Bambo wosoka nsapato analumbira kuti ikalira choncho ndiye kuti akuboma atsegula khutu, akumva zonse zimene ukulankhula, moti iye ankaikulunga foni yake musokosi. Makondakitala ndi amene anaupatsa uthengawo dzina loti Apongozi, ati chifukwa amakalipa asanafunsidwe ndipo sungawayankhe.

Mvula itayamba, Apongozi anakalipa kuti anthu okhala kumunsi, kufupi ndi ngalande yaikulu, asamukire kumtunda. Anthu anamvera. Anabwera ndi matiresi pamutu, ana kumsana, n'kukhala pasiteji mpaka dzuwa kupendeka, madzi osabwera. Atabwerera, bambo wina anapeza akuba amuthandiza kusamutsa zotsala. Ulendo wachiwiri anakwera ochepa. Wachitatu anthu ankangoyang'ana kumwamba n'kutukwana. Inenso ndinatukwanapo, sindikana, tsiku limene foni inandidzidzimutsa lumo lili pakhosi pa munthu. Komabe ndinkati wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atsine mopweteka.

Woyamba kupempha anali dalaivala wina amene anatsala pang'ono kulowetsa minibasi m'ngalande mafoni a anthu onse atalira kumbuyo kwake. Anafika pabenchi pa alamu ali ndi ukali.

"Adokotala, kodi Apongoziwa simungawatseke pakamwa?"

Alamu anaitembenuza foni ija, anafufuza mkati mwake masana onse, mpaka anapeza kabatani kobisika kothimitsira machenjezo. Ha, kunyada kwake! Kunali ngati atulukira mankhwala a imfa. Mbiri inawanda, ndipo mawa lake pabenchi panali mzere. "Adokotala, tandithimitsirani Apongozi." Anabwera amayi a makanda, alonda ogona masana, ngakhale abusa ena amene foni inawalirira ali pakati pa pemphero. Aliyense ankachoka akuthokoza, ndipo alamu anga akathokozedwa amasungunuka ngati mafuta padzuwa. Posakhalitsa anasiya kudikira kupemphedwa. Foni iliyonse yodutsa m'manja mwawo, kaya yabwerera galasi kaya batire, ankaithimitsa machenjezo mwakachetechete, kubanyira kuja. Zimenezi ine ndinadzazidziwa pambuyo pake. Panthawiyo ndinkangoona opempha okha. Foni yanga inapulumuka chifukwa sindiwapatsa, kuopa angawerenge mauthenga anga n'kukauza mng'ono wanga.

Kumunsi kuja kuli sukulu ya mkombaphala, m'kanyumba kalendi koyang'anizana ndi ngalande. Mwini wake timangoti Aphunzitsi. Ndi mayi wosayankhulayankhula, wowonda, woyenda mowongoka, amene wasunga ana a anthu zaka zambiri popanda mwana ndi mmodzi yemwe kubwerera kwawo ndi bala losadziwika chiyambi chake. Kamtsikana ka alamu, ka zaka zinayi, kankapita komweko. Mvula itayamba, Aphunzitsi anabwera okha kudzandipempha.

"Mayi, chenjezo likadzalira ana ali m'manja mwanga, ndidzawakweza kuno pakhonde panu. Makolo ndawauza kuti azidzawapeza pano. Mundilola?"

Ndinalola, nanga n'kukaniranji? Ndipo ankachitadi. Pamene ena onse anali atatopa nazo, iwo chenjezo likalira ankafika ndi ana awo pamzere atagwirana malaya, makondakitala akuwaseka kuti akuyendetsa abakha. Anawo ankakhala pakhonde, kumwa madzi anga, kusewera ndi zipeso zanga, n'kubwerera. Kenako foni yawo inayamba kuvuta potchajira, ndipo anaisiya kwa alamu tsiku limodzi. Alamu anaikonza mwaluso lawo lonse, poti ndi mphunzitsi wa mwana wawo, ndipo anaithimitsanso machenjezo osawauza.

Tsiku la madzilo kwathu kuno mvula inangowaza m'mawa n'kukata. Inagwa mwamphamvu ndi kumapiri, kumene ife sitikuona. Masana, dzuwa likuwala ndithu, foni yanga inalira. Mafoni ena pasiteji analiranso, apa ndi apo, osati mwamkokomo ngati kale.

"Apongozi anu akufuna chiyani lero?" anatero alamu akuseka.

"Akuti madzi ali m'njira, anthu achoke msangamsanga. Tasunthani benchi lanulo, abakha akubwera."

Anasuntha benchi. Ine ndinatunga madzi akumwa, ndinakweza malumo pamwamba, ndinayala nsalu pansi. Tinadikira. Msewu wochokera kumunsi unali zii. Ndinaimba foni ya Aphunzitsi, osalowa, poti aliyense anali akuimba nthawi imodzi.

"Koma zachilendo," ndinatero. "Mayi amene uja sachedwa. Kapena foni yawo yavutanso? Si munaikonza inu?"

Ndinaona kachitsulo komasulira kakugwa m'manja mwawo n'kugubuduka mpaka pansi pa khonde. Anangoti nyamu, mpando gubudu, liwiro la kumunsi, kajasi kali petupetu kumbuyo. Apo m'pamene mantha anandigwira. Ndinakuwira amuna a pasiteji, tonse n'kutsatira, ine ndi thupi langali pambuyo penipeni.

Madzi tinakumana nawo tisanafike. Anali ofiira, onunkha, atasenza zigubu, nsapato ndi zitseko za zimbudzi. Ngalande sinkaonekanso pamene ili. Inali nthawi imene ana amagona akadya, choncho Aphunzitsi anali atatseka mawindo ndi chitseko kuti phokoso lisawadzutse, iwo ali kuseri akutsuka makapu. Anadziwa za madzi atawakhudza kumapazi. Oyandikana nawo ambiri anali kuntchito, ndipo mwa amene anali pakhomo, angapo mafoni awo anali duu.

Zimene ndinaona pawindo la kanyumbako sindidzaziiwala. Ana anali ataimikidwa pamatebulo awiri ogundanizidwa. Aphunzitsi anali m'madzi olekeza m'chiuno, kamwana kena kumsana, kena m'manja, atatsamiza thupi lawo patebulo kuti lisayandame, uku akuwawerengetsa anawo manambala mokweza kuti asadumphe. Alamu anali atathyola kale chitseko. Amuna anagwirana manja kuchokera pakhomo mpaka pamtunda n'kumapatsirana ana mmodzimmodzi. Palibe mwana amene anafa, Mulungu ndi wamkulu. Kamnyamata kamodzi kanaterereka n'kumwa madzi oipawo, ndipo kanagonekedwa kuchipatala. Zina zonse, timipando, mabuku, zofunda, zinasanduka matope.

Mantha akatha amasiya mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera Aphunzitsi. Amene anautsogolera ndi mng'ono wanga. Pakamwa pakepo ndi pa kwathu, koma ine ndimangokalipa, iye amasenda khungu.

"Chenjezo linalira tauni yonse, achemwali! Ine ndinalimva ndili kumsika! Iwowo anali kuti? Anagona limodzi ndi ana! Mwana wanga akanafa chifukwa cha tulo ta munthu wamkulu!"

Aphunzitsi ankangoyankha mawu amodzi: foni yanga sinalire. Palibe anawakhulupirira. Ankati ndani sadziwa kuti mayi ameneyu ndi amene amamvera kwambiri machenjezo, ndiye foni yake ileke kulira tsiku lenilenilo? Bodza! Ena anati anali atapita kokagula zinthu n'kutsekera ana m'nyumba. Akamadutsa, amayi ankatembenuza nkhope, ndipo wina analavula malovu. Makolo anagwirizana zoti pakhale msonkhano, sukuluyo itsekedwe, mwini wake akamunenere kuboma kuti asadzasungenso mwana wa munthu. Mayi amene moyo wake wonse unali ana a anthu ameneyo.

Alamu anga ndiye anasanduka ngwazi. Anthu ankaima pabenchi kudzawagwira chanza. Mng'ono wanga ankauza aliyense kuti bambo a kwathu anathamanga asanauzidwe, mtima wa kholo unawauza. Eni ake akamva zimenezo ankangowerama. Ntchito inali mbwee, mafoni onyowa ali mulu, mpaka anabwereka choumitsira tsitsi changa chaching'ono. Koma nthabwala zinatha. Kajasi kaja kanathimbirira ndi matope ndipo sanakachapitse. Chakudya chimene mkazi wawo ankawapakira ankapatsa wosoka nsapato. Ine ndinkati n'kudzidzimuka chabe, munthu waona mwana wake ali patebulo pakati pa madzi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti msonkhano uchitike, Aphunzitsi anafika pakhonde. Anali ataonda kuposa kale, nsapato zili matope okhaokha. Anatulutsa foni mujumbo.

"Adokotala, ndabwera kwa inu chifukwa anthu amakumverani. Ine mawu anga sakumvekanso. Foni iyi muiumitse, muione bwinobwino, mupeze chimene chinaitseka pakamwa tsiku lija. Mukachipeza mudzawauze mawa. Ndikanena ine akuti ndikunama."

Alamu anailandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Anati ayesa.

Madzulo, makasitomala atatha, ndinatuluka kukasesa pakhonde. Ndinapeza alamu atangokhala, foni ija ikuwala patebulo.

"Yayaka, alamu?"

"Yayaka."

"Nanga mwakhaliranji ngati mwaferedwa?"

Anaitembenuzira kwa ine n'kuloza ndi chikhadabo. "Mukukaona kabatani aka? N'kothimitsidwa. Ndinathimitsa ndine, tsiku limene anabweretsa za potchajira."

Tsache linagwa. "Anakupemphani?"

"Ayi."

"Munawauza?"

Anapukusa mutu.

Abale inu, manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Nkhope inatentha ngati ndaiika m'choumitsira. Banja lathu lomweli, mkazi akunyoza munthu wosalakwa msewu wonse, mwamuna akulandira zanza za ungwazi, pamene chinayambitsa zonsezi chili pakhonde panga! Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Ndinalakalakanso ndikanapanda kufunsa.

"Ndiye sabata yonseyi mwakhala mukudziwa?"

"Ndinadziwa pamene munati mayi uja sachedwa." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Alamu, ndithandizeni nzeru. Ndikhoza kunena kuti foni yafa, madzi anailowa, sindinathe kuona kanthu."

"Kuti mayi uja afe ali wabodza?"

"Kapena ndinene kuti inali ndi vuto la mkati, lochokera kufakitale. Iwo ayera, ine..."

"Inu muyeranso! Asa! Ndipo mafoni ena onse amene munawagwira, amene eni ake akuyenda nawo m'matumba osadziwa kuti ndi osalankhula, amenewo mudzati fakitale yomweyo? Mvula yatha kodi?"

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. Bambo wamkulu, wa imvi za m'mbali, misozi ili chuchuchu kugwera pamafoni a eni.

"Mng'ono wanu andisiya. Mwana wathu yemwe anali patebulo paja, alamu. Ndimuyang'ana bwanji? Ine ndinkafuna kuwathandiza. Ndinkati ana akagona asamadzidzimuke."

Ndinafuna kuwatukwana mpaka mawu athe, koma chisoni chinandigwiranso, nanga si munthu ndamudziwa zaka zonsezi. Ndinangotola tsache langa.

"Ine sindikunenerani," ndinatero. "Pakamwa muli napo. Koma mawa ndidzakhala pomwepo ndikukuyang'anani."

Msonkhano unachitikira m'saluni mwanga, poti kusukulu kunali matope. Makolo anadzaza mpaka pakhonde. Aphunzitsi anakhala pampando wotsukirapo tsitsi, manja ali pamiyendo. Mng'ono wanga anayankhula ataimirira, ndipo anayankhula ndithu: za tulo, za bodza, za mwana wake amene mpaka lero amalira akaona madzi m'bafa. Anthu ankavomereza. Ine ndinkangoyang'ana matailosi, khutu lililonse likutentha. Atamaliza anatembenukira kwa mwamuna wake monyadira.

"Foni ija anakupatsani kuti muione. Tawauzani anthu, bambo a mwana."

Alamu anaimirira ngati nkhalamba. Anayang'ana kwa ine kamodzi, kenako anayang'ana khoma.

"Aphunzitsi sakunama. Foni yawo sinalire. Sikanalira, chifukwa ndinaithimitsa machenjezo ndine. Sanandipemphe, ndipo sindinawauze. Ndipo si yawo yokha. Aliyense amene anabweretsa foni kwa ine chiyambireni mvula, kaya anapempha kaya sanapemphe, yake ndi yothimitsidwa."

Ndinaona manja akulowa m'matumba mwakachetechete. Ena mwa amene ankakuwa kwambiri kuti tauni yonse inamva anali omwe aja anaima pamzere kudzathimitsa Apongozi, ndipo chenjezo la tsikulo analimvera pafoni za anzawo. Amenewo sanadzutse nkhope.

"Mukuti chiyani?" anatero mng'ono wanga, mawu atachepa ngati a mwana. "Bambo a mwana, mukuti chiyani?"

"Ndi zimene wamvazo."

Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana Aphunzitsi, kenako anakhala pansi penipeni patsitsi limene ndinali ndisanasese. Anadziphimba kumaso ndi mpango wake. Bambo wa kamnyamata ka kuchipatala kaja anadumpha kuti awamenye alamu, anthu n'kumugwira, ndipo alamu sanasunthe n'komwe, ngati ankafuna kuti chibakeracho chifike. Msonkhano sunatsekedwe ndi munthu. Anthu anangoyamba kutuluka mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza pepani podutsa pafupi ndi Aphunzitsi, ena atawerama.

Mng'ono wanga sanawasiye alamu, ngakhale anatha nthawi akugona kwa ine, osafuna kuwaona. Anapita yekha kukapepesa kwa Aphunzitsi ndipo anakolopa nawo matope. Sukulu inatsegulidwanso, koma ana ena sanabwerere, makamaka a makolo amene anatukwana kwambiri, poti manyazi sanawalole. Alamu anayenda khomo ndi khomo kuyatsa zimene anathimitsa, ndipo kwina ankawathamangitsa asanafike pakhonde. Benchi likadalipo, ntchito imabwera pang'onopang'ono. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimene chinachitika tsiku lomwelo anthu atabalalika.

Tinatsala atatu: ine, alamu ndi Aphunzitsi. Alamu anatenga foni ija, anagwada n'kuipereka.

"Aphunzitsi, ndikhululukireni. Ndinalakwa kwambiri."

Anailandira n'kuiyang'ana kanthawi. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Munathimitsiranji, Adokotala?"

"Ndinkati ana akagona isamawadzidzimutse."

"Ana amadzidzimuka n'kugonanso," anatero Aphunzitsi motsitsa. "Mukanandifunsa ndikanakuuzani."

Alamu anayang'ana foni ija. "Ndinaisiya momwemo kuti anthu aone. Bweretsani ndiyatse, sizichedwa."

Anatambasula dzanja. Aphunzitsi analilambalala dzanjalo n'kundipatsa foniyo ine.

"Mayi, tandiyatsirani inu."

"Ine? Ine za mafoni sindizidziwa, Aphunzitsi."

"Akuuzani pobaya."

Alamu anaimirira pang'onopang'ono n'kuika manja kumbuyo. Anaima pambali panga n'kumandiuza: tsegulani apo, tsikani pansi, ayi mwapitirira, bwererani. Zala zanga zinali mafuta atsitsi okhaokha, galasi linkaterera, ndipo ndinkangotsegula zinthu zina. Ndinalakwitsa kangapo. Ulendo wina dzanja lawo linatuluka lokha kuti lindithandize, Aphunzitsi analiyang'ana, ndipo linabwerera kumbuyo. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo. Munthu amene wakhala akutsegula mafoni a tauni yonse, lero akuopa kukhudza galasi ndi chala. Ndinamva manyazi m'malo mwawo mpaka maso anga anachita chidima.

Pomaliza ndinakapeza kabatani kaja n'kukabaya.

"Yatheka?" Aphunzitsi anafunsa ine, osati iwo.

Ine sindinkadziwa. Ndinachita kutembenuka. "Yatheka, alamu?"

Anasuzumira, manja akadali kumbuyo, n'kugwedeza mutu.

"Akuti yatheka," ndinatero.

Aphunzitsi anaipukuta foniyo ndi nsonga ya malaya awo, anaiika mujumbo, ananditsanzika ine ndekha, n'kutsika msewu wa kumunsi. Alamu anakhala chiimire pakati pa saluni, manja ali kumbuyo, mpaka ndinachita kuwauza kuti asunthe ndisese.